Musanakumbe maziko: kukonzekera nyumba imene mudzaimalize

Mukadzadutsa ku Area 49 ku Lilongwe, ku Machinjiri ku Blantyre kapena ku Luwinga ku Mzuzu, mudzayese kuwerenga nyumba zimene zinaimira palinta. Makoma anada ndi mvula ya zaka zingapo, m'chipinda chimene chinkayenera kukhala cha bambo ndi mayi mwamera chisoso, pabalaza wina anadzalapo chimanga. Eni ake si aulesi, ndipo ambiri si osauka. Anangoyamba nyumba yoposa thumba lawo, komanso anaiyambira pakati: njerwa zagulidwa pulani palibe, maziko akumbidwa malo asanatsimikizike kuti ndi awo.

Yanga inanditengera zaka 6, ndipo zina mwa zolakwa zimene nditchule pano ndinazilipira ndi ndalama zanga. Ndondomeko ndi iyi. Musadumphe, chifukwa gawo lililonse latsamira pa linzake lam'mbuyo.

1. Yambani ndi pepala la malo

M'mizinda yathu malo ambiri omangapo nyumba ali m'manja mwa eni atatu: Unduna wa za Malo, bungwe la Malawi Housing Corporation limene lilipo kuyambira 1964, ndi makhonsolo a mizinda. Munthu akakuuzani kuti puloti ndi yake, mufunseni kuti anaipeza kwa yani ndipo pepala lake lili kuti. Kenako tengani nambala ya pulotiyo mupite nayo nokha ku ofesi imene watchulayo. Mukaone dzina limene lili m'kaundula, mukafunse ngati pali ngongole ya lendi ya malo kapena msonkho wa khonsolo, komanso ngati malowo sanaikidwe chikole kubanki. Ndati nokha. Dobadoba amene akukuperekezaniyo amadya pokhapokha malonda atheka, choncho sangakuuzeni chimene chingaphe malondawo.

Lizi ya malo okhalapo kawirikawiri imakhala ya zaka 99 ndipo imabwera ndi mfundo zake, monga nthawi yoti mukhale mutayamba kumanga ndi mtundu wa nyumba yololedwa pamalopo. Iwerengeni yonse, ngakhale Chingerezi chake chili chouma ngati chikonyo.

Malo a m'mbali mwa mzinda, amene amagulitsidwa ndi kalata ya amfumu, ndiwo otsika mtengo ndipo ndiwo adzetsa milandu yambiri. Kalata ya amfumu ndi umboni woti munagwirizana, koma si chiphaso cha umwini. Malamulo a za malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a za malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo a makolo, ndiye musanapereke kobiri kafunseni ku ofesi ya za malo ya m'boma lanu kuti malo amenewo ali m'gulu liti. Funsaninso ngati banja lonse lavomereza. Mnyamata akhoza kukugulitsani munda wa agogo ake malume ake ali ku Joni, n'kudzabwera inu mutafika pa mawindo.

Pali nkhani ina imene ambiri timaizemba. Ngati ndinu mkamwini ndipo mukufuna kumanga nyumba ya malata kwawo kwa akazi anu, kapena ndinu mayi amene munapita chitengwa ndipo ndalama zomangira ndi zanu, khalani pansi pali ankhoswe, mugwirizane ndi kulemba kuti nyumbayo idzakhala ya yani ukwati ukadzatha kapena mmodzi akadzatisiya. Nkhaniyi imalemera pakamwa lero, koma pasiwa imalemera koposa.

Pomaliza itanani saveya akuonetseni mabikoni onse anayi. Ine ndinakhulupirira mtengo wa mango umene wogulitsa anandilozera kuti ndiwo malire. Saveya atadzabwera zinapezeka kuti mpanda wanga walowa mita yathunthu m'puloti ya mnansi, ndipo ndinaugumula ndekha, mnansiyo ataima poteropo manja ali m'thumba.

2. Kaoneni malowo mvula ili mkati

Malo amagulitsidwa kwambiri m'chilimwe, pamene paliponse pali gwa. Pitaniko mu Januwale kapena Febuluwale mvula itangokata, muone kumene madzi akuchokera ndi kumene akulowera. Mukaona bango, kapena madzi akutuluka pansi pamene mwaponda, muli m'dambo, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Achezereni oyandikana nawo. Afunseni kuti chitsime chawo chinapeza madzi pa mamita angati, ndiponso ngati zimbudzi zimatitimira. Yang'anani makoma awo ngati ali ndi ming'alu yoyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo.

Kumbani maenje awiri kapena atatu akuya kupitirira mita pamene pakhale nyumba. Katondo wofiira wolimba ndi mwayi wanu. Makande, dothi lakuda lija limene limang'ambika mu Okutobala n'kufufuma mvula ikagwa, lofala ku Chikwawa, ku Phalombe ndi m'madambo, limanyamula nyumba n'kuitsitsa chaka ndi chaka mpaka khoma lithyoke. Pa dothi lotere musamange popanda injiniya. Chenjeraninso ndi malo amene kale anthu ankaumbapo njerwa. Maenje ake anakwiriridwa ndi zinyalala, pamwamba pakuoneka bwino, koma pansi pali phulusa ndi mapepala. Pakakhala chulu, chigumulidwe chonse mpaka make wa chiswe apezeke.

Za kumanga m'mphepete mwa phiri sindichulutsa mawu. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, akudziwa. Khwawa louma limene lili kumtunda kwa puloti yanu ndi njira ya madzi, ndipo madzi saiwala njira yake. Pewaninso pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM ndi malo osungira msewu, chifukwa kumeneko tsiku lina kumabwera chigalimoto chogumula.

3. Lembani mmene mumakhalira, osati mmene mumafunira kuoneka

Musanaganize za maonekedwe, tengani kope, mukhale pansi ndi akunyumba, mulembe tsiku lanu lenileni. Magetsi akazima mumaphikira pati? Ngati yankho ndi mbaula, mukufunika khonde lakuseri lofoleredwa, loyandikana ndi khitchini, osati khitchini yaikulu ya makabati imene idzangokhala yoonetsa alendo. Matumba a chimanga ochokera kumudzi adzakhala pati? Sitolo yaing'ono yopita mphepo imaposa balaza lachiwiri. Apongozi akabwera kudzagonekedwa kuchipatala, adzagona chipinda chiti, ndipo popita kuchimbudzi usiku adzadutsa pakhomo la chipinda chanu? Ana aamuna ndi aakazi akakula adzafuna zipinda zosiyana. Makolo okalamba masitepe adzawavuta. Madzi amasiya, ndiye thanki idzaima pati?

Mukatero yesani kukula kwa zipinda pansi penipeni. Khomani zikhomo, kokani chingwe, mulowemo. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimaoneka chachikulu papepala, koma mukaikamo bedi la anthu awiri, la pafupifupi mamita 1.4 m'lifupi ndi 1.9 m'litali, n'kuwonjezera kabati, mumayenda chammbali ngati nkhanu. Cha mamita 3.5 ndiye munthu amapumamo. Kolido yaitali ndi malo amene mumalipira simenti ndi malata koma palibe amagonamo, choncho ifupikitseni.

4. Sankhani kamangidwe koyenera nyengo ya kwanu

Apa ndi pamene ambiri timakopedwa ndi zithunzi za pa Facebook. Tiyeni tione mitundu imene imamangidwa kwathu kuno ndi zimene uliwonse umafuna.

Nyumba ya makolo, kaya yozungulira, kaya ya mdindo kapena ya zidina, inali ndi nzeru imodzi yaikulu: denga lotambalala kupitirira khoma, ndi khonde lokwezedwa. Khoma la dothi silinkakhudzidwa ndi mvula, ndipo masana munkazizira. Azungu oyamba nawonso anagwiritsa ntchito nzeru yomweyo. Mandala House ku Blantyre, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ili ndi khonde lozungulira ndipo ikadali chilili mpaka lero. Nyumba zakale za boma ku Zomba nazonso ndi za makonde aakulu ndi madenga okwera. Anthu amazitcha zachikale, koma lowanimo masana a mu Novembala mumve mmene mukuziziramo popanda fani.

Pa nyumba za masiku ano, chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi denga. Denga la mbali ziwiri, lokumana pamsana, ndilo losavuta ndi lotsika mtengo, ndipo kalipentala aliyense amalidziwa. Kufooka kwake kuli pa khoma la nsonga lija la kumapeto, limene limalandira mphepo yonse ndipo limagwa msanga likapanda kumangiriridwa. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limadya matabwa ambiri ndipo malata amadulidwa n'kutayika, koma mphepo imalidutsa pamwamba osapeza pogwira, komanso limaphimba makoma onse. Kunyanja, kumene mwera umawomba mwamphamvu, ndi ku Lower Shire, ine ndingasankhe limeneli.

Ndiye pali denga lobisika limene latchuka zaka zino, lija khoma limakwera kubisa malata kuti nyumba ioneke ngati bokosi. Kukongola ndi kokongola, sindikana. Koma madzi onse a padenga amathera m'ngalande yobisika kuseri kwa khoma, ndipo ngalandeyo ikatsekeka ndi masamba a mango, kapena ikachepa pa mvula ya Januwale, madzi sagwera panja, amagwera pa siling'i. Khomanso lilibe chophimba, ndiye dzuwa ndi mvula zimalimenya mwachindunji, penti n'kumasuwa chaka chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati mtima wanu wafera pamenepo, ngalande ikhale yotakata, ya chitsulo chochindikala, yokhala ndi potulukira madzi pachiwiri, ndipo muvomereze kukwera pamwamba kukasesa mvula isanayambe ndiponso ili mkati.

Nyumba yosanja ili ndi malo ake, makamaka pa puloti yaing'ono ya m'tauni, koma imafuna injiniya kuyambira pa maziko mpaka pa silabu. Imeneyo si ya kumanga ndi mmisiri wongoyerekeza.

Kenako ganizani za makona. Nyumba ya mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi ili ndi malo okwana masikweyamita 80, ndipo khoma lake lakunja ndi mamita 36. Malo omwewo 80 mukawapinda ngati chilembo cha L, mbali zazitali zikhale mamita 12 ndi 10, khoma limafika mamita 44. Mamita 8 owonjezerawo, pa khoma lokwera mamita 3, ndi mabuloko pafupifupi 300, kuwonjezeraponso maziko ake, pulasitala mbali zonse ziwiri ndi penti, koma simunapindule ngakhale pogona mphaka. Pamwamba pake, pamene madenga awiri akumana pamakhala chigwa, ndipo nyumba zambiri zimayambira pamenepo kudontha. Kona iliyonse imene mukuwonjezera kuti nyumba ioneke yapamwamba, idziweni mtengo wake.

Chomaliza ndi koyang'anitsa nyumba. Dziko lathu lili kummwera kwa equator, choncho m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, pamene m'miyezi yotentha limadutsa pamutu. Makoma aatali ndi mawindo aakulu ayang'ane kumpoto ndi kummwera, makoma aafupi ayang'ane kum'mawa ndi kumadzulo. Mukatero dzuwa la Juni limalowa kudzafunditsa, la Okutobala limatsekedwa ndi denga. Chipinda chogona chokhala ndi windo lalikulu kumadzulo chimasanduka uvuni pofika madzulo. Ku Nsanje, Chikwawa, Salima, Mangochi ndi Karonga kwezani siling'i kufika mamita 3, ndipo mawindo akhale moyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Ku Dedza ndi Mzuzu, komanso ku Thyolo ndi Mulanje kumene chiperoni chimakuta masiku angapo, vuto ndi kuzizira ndi chinyezi, ndiye galasi lalikulu mbali yochokera mphepo mudzalida. Kulikonse, denga lipitirire khoma ndi masentimita 60 kapena kuposa.

5. Jambulitsani pulani, ivomerezedwe

Inde, tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre anachimanga David Clement Scott pakati pa 1888 ndi 1891, iye asanaphunzirepo za kamangidwe. Koma nkhaniyi imakambidwabe chifukwa ndi yachilendo. Inu musadziyese Scott.

Pezani wojambula mapulani wovomerezeka, mumupatse kope lanu lija ndi mapu a puloti, ndipo mupite naye pamalopo. Wojambula amene sanapondepo pa puloti yanu akungokugulitsani pulani ya munthu wina. Muuzeni poyera kuti mudzamanga pang'onopang'ono, kuti ajambule nyumba imene mbali imodzi ingamalizidwe ndi kulowedwa ina ikudikira. Pulani yabwino imaonetsa zipinda, kuya kwa maziko, kapangidwe ka denga, njira ya mapaipi, malo a sepitiki thanki ndi mtunda wochoka pa malire.

M'mizinda ndi m'matauni pulani imayenera kupita kukhonsolo kuti komiti yoona za mapulani iivomereze musanayambe. Pamakhala kulipira ndi kudikira, ndipo ambiri amatopa n'kuyamba. Koma pulani yodindidwa ndi imene banki idzafune mukadzapempha ngongole, ndi imene wogula adzafunse mukadzagulitsa, ndipo ndi imene imakutetezani tsiku limene khoma lanu lingalembedwe chizindikiro chofiira.

6. Werengani zipangizo m'matumba, osati m'makwacha

Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi bajeti ya m'makwacha anadzuka theka la denga litasungunuka. Choncho pemphani mndandanda wa zipangizo, umene akatswiri amautcha BOQ, wolembedwa m'matumba a simenti, chiwerengero cha mabuloko, zitsulo, matabwa ndi malata, gawo ndi gawo. Mukapeza ndalama, kaya ya fodya, ya banki m'khonde kapena ya kumapeto kwa mwezi, isandutseni chinthu chosawola: malata, zitsulo, mafelemu, miyala ya kwale. Simenti yekha musasunge nthawi yaitali, amakoka chinyezi n'kuuma m'thumba momwemo. Mugule ntchito itayandikira, ndipo asanjidwe pa matabwa, osati pansi.

Pa khoma muli ndi njira zitatu. Njerwa zootcha ndizo tinazolowera, koma zatha mitengo, ndipo kuyambira 2018 malamulo a ntchito zomanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Vuto lina ndi lakuti za m'mauvuni a m'midzi sizifanana kukula, zambiri zimasweka panjira, ndipo ndalama imene mumapulumutsa pogula mumakaitaya pa matope ochindikala ndi pulasitala wowongolera khoma. Mabuloko a simenti a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu amalowa 12 ndi theka pa sikweyamita, ndipo khoma limakwera msanga. Koma ena amaumba mabuloko ochuluka kwambiri pa thumba limodzi. Kandani ndi msomali, ndipo ligwetseni limodzi kuchokera m'chiuno. Likanyenyeka, pitani kwina. Njira yachitatu ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikizidwa ndi makina, zimene zimakhala bwino ngati dothi layesedwa ndipo denga likuziteteza ku mvula.

Pa malata, nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lochindikala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Matabwa a paini, monga a ku Chikangawa, akhale ouma ndi opakidwa mankhwala a chiswe. Aawisi amapindika ali padenga.

Pa zonse mwawerengazo wonjezerani gawo limodzi mwa magawo 10 la zosayembekezeka. Ndipo dziwiranitu kuti nyumba ikafoleredwa si kuti yatsala pang'ono. Mawaya, mapaipi, siling'i, zitseko, magalasi, matailosi ndi penti zimadya ndalama yoopsa.

7. Mmisiri, ndi pepala la mgwirizano

Musasankhe mmisiri pomva pakamwa pake. Kaoneni nyumba ziwiri zimene anamanga zaka zitatu zapitazo, mucheze ndi eni ake iye palibe. Kontilakita akhale wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomanga, wa magetsi akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi.

Lembani mgwirizano, ngakhale mmisiriyo ndi mlamu wanu, makamaka ngati ndi mlamu wanu. Mtengo ukhale wa gawo ndi gawo: maziko, khoma mpaka palinta, denga, pulasitala. Kulipira kuzitsatira ntchito imene yatheka ndipo mwaiona. Mukalipira patsiku ntchito imayenda ngati nkhono, mukalipiriratu zonse mmisiri amapezeka ali pa ntchito ina foni itazima. Sungani kagawo kochepa mpaka mvula yoyamba iyese denga. Zipangizo gulani nokha, pakhale kope lolembamo matumba olowa ndi otuluka, ndipo matumba opanda kanthu aziwerengedwa madzulo.

Kwa abale amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena ku UK ndipo mukumanga potumiza ndalama: wosunga ndalama akhale wina, woyang'anira ntchito akhale wina, ndipo mulipire katswiri wosakhala wachibale kuti azikayendera gawo lililonse likatha. Chithunzi cha pa WhatsApp chingakhale cha nyumba ya munthu wina. Pemphani kuti akuimbireni pa vidiyo, ayambire pamsewu kuyenda mpaka kulowa m'nyumba.

8. Mangani motsatira mvula

Gawani ntchito kuti mvula iliyonse izikupezani pamalo otetezeka. Malo otetezeka ndi awiri okha: silabu yapansi itathiridwa, kapena denga litafoleredwa. Khoma loima popanda denga limamwa madzi dzinja lonse. Ngati ndalama ya denga palibe, imani pa silabu, muziunjika malata.

Poyika zikhomo, onetsetsani makona ndi njira ya 3, 4, 5: mbali ina mamita 3, ina mamita 4, chingwe cholumikiza nsonga ziwirizo chikhale mamita 5 ndendende. Mukalakwitsa apa, wa matailosi ndi kalipentala adzakutukwanani chamumtima. Ngalande ya maziko ipitirire dothi lapamwamba mpaka ifike polimba, osachepera masentimita 60 pa dothi labwino, ndipo m'lifupi ikhale pafupifupi katatu kuchindikala kwa khoma. Konkire wa maziko a nyumba wamba amasakanizidwa muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi 6 ya miyala. Wa mizati ndi wa ring beam, lamba womangirira makoma pamwamba, ndi umodzi, iwiri, inayi. Wilibala ya omanga yodzaza koma yosasefukira imatenga pafupifupi matumba awiri a simenti a makilogalamu 50, ndiye mungathe kuwerenga nokha muli chiimire. Tsiku lothira konkire pemphani tchuthi kuntchito. Ndi tsiku limene simenti amasowa kwambiri, ndipo akakwiriridwa palibe adzadziwe kuti munalowa matumba angati.

Mchenga ukhale wa kumtsinje wopanda dothi. Ufinyeni m'manja uli wonyowa: ukasiya matope m'chikhatho, ukanike. Aganyu amakonda kuthira madzi ambiri kuti fosholo ipepuke, koma konkire wamadzimadzi ndi wofooka. Akathiridwa, azithiriridwa madzi masiku osachepera 7, chifukwa simenti salimba pouma, amalimba pokhala wonyowa, ndipo mphamvu yake imakwanira pa masiku 28.

Pansi pa nyumba pakwere masentimita 30 kuchoka pa dothi la panja, kuposerapo kumadera osefukira madzi. Musanathire silabu, dothi lokwirira lisinjidwe pang'onopang'ono, lithiridwe mankhwala a chiswe, ndipo payalidwe pulasitiki. Pansi pa mzere woyamba wa khoma paikidwe DPC, lamba wakuda uja woletsa chinyezi kukwera. Ndi wotsika mtengo kwambiri, koma nyumba zimene penti imafufuma m'munsi mwa khoma chaka chilichonse n'chifukwa choti anamudumpha. Waya wolimbitsa khoma wa brickforce alowe mizere itatu kapena inayi iliyonse, ndipo pamakona njerwa zilumane.

Tsopano ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndi zitseko. Mmisiri wina adzakuuzani kuti timalinta ta pawindo tokha tikwanira. Musalole. Dziko lathu lili mu Rift Valley, chigwa chachikulu chimene mumachitika zivomerezi. Chivomerezi chinagwedeza Salima mu 1989, ndipo zivomerezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri za njerwa zimene makoma ake sanali omangiriridwa pamodzi. Lamba ameneyu ndiye amachititsa kuti makoma anayi akhale nyumba imodzi. Pothira konkire wake, mizanimo mawaya ochindikala kapena timalamba tachitsulo totulukira pamwamba, kuti mitanda ya denga idzamangiriridwe pamenepo. Madenga amene timawaona ali m'munda mphepo ya mvula yoyamba ikawomba, ena atasanjikidwa miyala ndi matayala, anangokhazikidwa pakhoma popanda chowagwira.

9. Madzi, magetsi ndi kulowa

Mafomu a ESCOM ndi a bungwe la madzi la m'dera lanu aperekeni msanga, khoma likadali kukwera, chifukwa kudikira kumakhalapo. Madzi ndiye ndi bwino afike musanayambe n'komwe, kugula a m'migolo kumadula. Mapaipi a mawaya ndi a madzi alowe m'khoma pulasitala asanapakidwe, ndipo ngati mukuganiza za sola, siyiranitu njira yake. Sepitiki thanki ikhale pamene galimoto yopopa ingafike, ndipo dzenje lomwetsa madzi oipa kapena chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30, chikhale kumunsi kwake.

Denga, zitseko zakunja, mawindo, chimbudzi ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri zikatha, lowani. Ndalama ya lendi ija isanduke ya siling'i ndi matailosi. Musanapake pulasitala, jambulani pafoni khoma lililonse mmene mapaipi ayendera, chikhatho kapena tepi ili pambali posonyeza mtunda, ndipo zithunzizo musindikize musunge limodzi ndi lizi ndi pulani yodindidwa. Pogula matailosi onjezani makatoni awiri mubise m'sitolo, chifukwa mtundu umenewo pakatha chaka simudzaupezanso m'mashopu.